Phiri la Golide Lili Kuti? Tikuwunika Filimu ya Once Upon a Time in China

Abale ndi alongo a m'gulu lathu lophunzira mbiri kuno ku Bordesley Green, filimu ya mwezi uno ndi Once Upon a Time in China. Anaikonza Tsui Hark ku Hong Kong mu 1991, ndipo mwini filimu ndi Jet Li. Ambiri a ife timaidziwa kuchokera m'tinyumba ta vidiyo ta ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi, kumene mafilimu onse otere ankangotchedwa a karate. Imatchuka chifukwa cha mateche ndi ndewu ya pa makwerero ija. Ife maganizo athu ndi akuti mphamvu yake ili pena. Filimuyi ikulongosola mmene munthu wosauka amagulitsidwira kunja, amene amamugulitsa, ndi amene amayang'ana kumbali malondawo ali mkati. Apo yanena zoona zokhazokha. Koma pofika pa funso loti munthuyo angadzipulumutse bwanji, yatinamiza, ndipo bodzalo ndi lokoma kwambiri moti nkosavuta kulimeza.

Tiyambe ndi nkhani yake, kuchitira amene anali pa shifiti tsiku loonera lija. Zikuchitikira mumzinda wa Foshan, kummwera kwa China, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Jet Li akusewera ngati Wong Fei-hung, sing'anga komanso mphunzitsi wa kung fu, yemwe ali ndi chipatala chotchedwa Po Chi Lam. Munthuyu anakhalako ndithu, anabadwa mu 1847, ndipo Jet Li asanabwere, Kwan Tak-hing anali atasewera kale ngati iyeyu m'mafilimu opitirira 70 kuyambira mu 1949. Filimu ikuyamba ndi gule wa mkango pa sitima ya m'madzi. Makombola achisangalalo akuphulika, asilikali a pa sitima ya azungu akuyesa mfuti, basi nkuyamba kuwombera. Mkulu wa asilikali a Black Flag Army, Liu Yongfu, akutumizidwa ku Vietnam, ndipo akusiyira Wong chokupizira mphepo cholembedwa mapangano onse okondera amene China anasainitsidwa.

Chokupiziracho si chokongoletsa. Britain atapambana nkhondo yoyamba ya opium, ya 1839 mpaka 1842, pangano la Nanking linakakamiza China kupereka chilumba cha Hong Kong ndi kutsegula madoko 5 kwa amalonda akunja. Mapangano otsatira anapatsa azungu ufulu woti akalakwa ku China asamaweruzidwe ndi makhoti a ku China. Ndiye mukaona m'filimu bwanamkubwa wa Chitchaina akunjenjemera pamaso pa mzungu, nkumanga anyamata a Wong m'malo momanga zigawenga, dziwani kuti si mantha chabe. Pepala linamumanga manja iye asanakhale pampandowo.

Amene amagulitsa ndi ndani?

Mdani wamkulu ndi Jackson, wa ku America, amene ali ndi sitima ndi mfuti. Koma taonani bwino, Jackson sayenda m'misika kusaka anthu. Chiyankhulo sachidziwa, ndipo palibe mayi amene angamupatse mwana wake. Oyenda m'misika ndi Atchaina anzawo. Iwowa ndi amene akulalikira za Phiri la Golide, dzina limene anthu a kumeneko anapatsa California golide atapezeka mu 1848. Amene akugwira akazi kuti akawagulitse ku America ndi gulu la Shaho, zigawenga za mumzinda momwemo zomwe kale zinkalanda ndalama kwa ogulitsa pamsika. Mzungu wabweretsa sitima, koma katundu akumupakira ndi eni dziko.

Apa Tsui Hark sanapeke. Pakati pa 1847 ndi 1874, Atchaina opitirira 200,000 anatumizidwa ku Cuba ndi Peru, ambiri kudzera pa doko la Macau, kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe ndi kukumba zitosi za mbalame zopangira feteleza. Eni ake ankati malondawa ndi ogulitsa tiana ta nkhumba. Olemba anthuwo anali Atchaina olipidwa pa mutu uliwonse. Ena ankawanyengerera, ena ankawakola ndi ngongole za juga, ena ankangowaba. Opita ku California ambiri ankapita mwa kufuna kwawo, koma pa ngongole ya ulendo yomwe ankaibweza ndi thukuta. Atamaliza kumanga njanji ya Central Pacific mu 1869, malipiro awo anali lamulo la 1882 loletsa antchito a Chitchaina kulowa mu America. Filimu yasakaniza nkhani ziwirizi, ya Macau ndi ya California, kukhala imodzi. Wolemba mbiri angadandaule, koma mtima wa nkhaniyo sunasinthe.

Ife a ku Malawi izi sitifunika womasulira. Msonkho wa nyumba utakhazikitsidwa, agogo athu anayenera kupeza ndalama, ndipo ndalama zinali ku Joni ndi ku Halale. Wenela ndi Mthandizi anali ndi mabwana achizungu, inde, koma wofika pamudzi, wodziwa kuti uje ali ndi ngongole ya msonkho ndipo uje akufuna kukwatira, anali munthu wakuda woyankhula chathu. Wobwerako ndi njinga, wailesi ndi sutukesi ankakopa anyamata kuposa chikwangwani chilichonse. Za chifuwa cha fumbi sankanena. Machona, amene sanabwerenso, analibe pakamwa poti nkuchenjeza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamene Mtchaina ndi Mnyasa anakumana

Pali chinthu chimene filimuyi sinatchule koma ife a m'migodi tiyenera kuchidziwa. Nkhondo ya Mabunu itatha mu 1902, migodi ya golide ya ku Witwatersrand inasowa antchito, chifukwa eni migodi anali atatsitsa malipiro ndipo anthu akuda ambiri anakana kubwerera. M'malo mokweza malipiro, anayang'ana kutali. Mu 1903 anayamba kuyesa kutenga anthu kwathu, ndipo chibayo chinapha ambiri mpaka mu 1913 boma linaletsa kulemba anthu a kumpoto kotentha. Kuyambira mu 1904 anabweretsa Atchaina opitirira 60,000 pa kontirakiti ya zaka 3. Ankawatsekera m'makomboni, osaloledwa kugwira ntchito zaluso, osaloledwa kugula malo kapena kuchita bizinesi. Nkhaniyi inautsa mapiri pachigwa kuno ku Britain pa chisankho cha 1906, pamene anthu ankaitcha ukapolo wa Atchaina, ndipo pofika 1910 onse anali atabwezedwa kwawo. Ndiye phiri lenileni la golide, Mtchaina ndi Mnyasa analikumba limodzi, ndipo onse awiri anachokako manja ali m'khosi.

Mzinda umene tikukhala uno suli kutali ndi nkhaniyi. Joseph Chamberlain, amene anakhalapo meya wa Birmingham, ndi amene anali nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain kuyambira 1895 mpaka 1903, nthawi yonse ya nkhondo ya Mabunu. Wotchi yaikulu ija ya ku Jewellery Quarter anaiimika pokumbukira ulendo wake wa ku South Africa. Wolowa m'malo mwake, Alfred Lyttelton, ndi amene anavomereza lamulo lobweretsa Atchaina aja. Za mfuti ndiye musachite kufunsa. Gun Quarter inkapanga mfuti zimene amalonda ankasinthanitsa ndi akapolo ku gombe la kumadzulo kwa Africa. Kampani ya BSA inayamba mu 1861 ndipo fakitale yake inali pa Armoury Road ku Small Heath, pafupi pomwepa. Nyumba yoyeseramo mfuti ya pa Banbury Street, ya mu 1813, ikugwirabe ntchito mpaka lero. Tikamaona mfuti zikulira m'filimu, tikumbukire kuti ufumu wa mfuti uja mbali ina unkasulidwa m'misewu imene timadutsa popita ku ntchito.

Yim, munthu wofanana nafe

Mukatifunsa munthu amene walembedwa bwino kuposa onse m'filimuyi, si Wong ayi. Wong ali ndi nyumba, chipatala, ophunzira ndi dzina. Sagona ndi njala. Ulemu wake ndi weniweni, koma ndi ulemu wa munthu wokhuta. Ife maso athu ali pa Yim, amene Yen Shi-kwan wasewera. Yim ndi mlendo wochokera kumpoto, katswiri amene mkondo umapindika pakhosi pake, koma akuonetsa lusolo mumsewu, nkumatola timakobiri timene anthu amuponyera pansi. Ndi angati pakati pathu ali ndi satifiketi ya uphunzitsi, ya unamwino, kapena chiphaso chophulitsa miyala pansi pa mgodi, koma kuno akusankha zinyalala pa lamba kapena kunyamula makatoni usiku wonse?

Njala ya Yim ikusanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo sukupita kwa Jackson. Ukupita kwa Wong, Mtchaina mnzake, chifukwa akuganiza kuti akamugonjetsa apeza dzina ndi sukulu yakeyake. Gulu la Shaho litamupatsa ndalama ndi ulemu, akulandira, ngakhale akuona ndi maso ake zimene akuchita. Leung Foon, mnyamata amene Yuen Biao wasewera, akumutsatira kwa kanthawi chifukwa nayenso akusowa pogwira. Apa filimu yaphunzitsa popanda kulalikira: ejenti sabadwa ali mfiti. Nthawi zambiri ndi munthu amene anavutikapo ngati ife, nkupeza kuti njira yachidule yotulukira m'dzenje ndi kuponda paphewa la mnzake.

Ndewu ya pa makwerero m'nyumba yosungiramo katundu ndi yokongola, palibe angatsutse. Makwerero akugwa, akupingasana, anthu awiri akulimbana m'mwamba popanda pokhazikika. Jet Li anavulala mwendo pojambula filimuyi, ndipo mbali zina za ndewu anamusewerera Hung Yan-yan, amene nkhope yake simuiona. Ngakhale mu kanema, eti, wonyamula katundu wolemera ndi wina, wotchuka ndi wina. Koma funsani kuti ndewu yokomayi ikuchitikira kuti, ndipo ikupindulira ndani. Akatswiri awiri a Chitchaina akuthyolana m'malo a Jackson, akazi ogwidwa aja ali chotsekeredwa. Kenako Yim akutuluka nkukumana ndi zipolopolo, ndipo akumwalira atavomereza kwa Wong kuti luso lawo silingalimbane ndi mfuti. Filimu ikanathera pamenepo, bwenzi tikuti ndi ya mbiri yeniyeni. Patangopita zaka zochepa kuchokera nthawi ya nkhaniyi, mu 1900, a gulu la Boxer anakhulupirira kuti zipolopolo sizingawalowe, ndipo anafa ambirimbiri. Kufupi ndi kwathu, ku Tanganyika, ankhondo a Maji Maji mu 1905 anakhulupirira madzi a mankhwala, mathero ake anali omwewo.

Pamene filimu yatinamiza

Koma mwini filimu safa, tonse timadziwa. Patangopita mphindi zochepa Yim atafa, Wong akutenga chipolopolo nkuchithethetsa ndi chala, chikukalowa pamphumi pa Jackson. M'holo timawomba m'manja, ndipo n'zomveka, mtima umafuna kuona wozunza atagwa. Koma tikaganiza mofatsa, filimu yabweza ndi dzanja lamanzere chimene inatipatsa ndi lamanja. Yangotiuza kumene kuti chibakera sichiposa mfuti, kenako ikuti chimaposa, bola chikhale cha ngwazi. Komanso Jackson akafa, pangano la Nanking lafa? Sitima ina ibwera mawa ndi Jackson wina, ndipo pamsika padzapezeka wina womupakira katundu.

Cholakwika chachikulu chili pa munthu mmodzi amene ambiri sitimukumbukira. Pakati pa filimu pakubwera wantchito amene wathawa ku America, wodwala, wofooka, nkufotokoza mmene anzake akuzunzikira. Uyu ndi yekhayo amene walionapo Phiri la Golide ndi maso. Uyu ndi mboni. Kodi filimu yamuchita chiyani? Wayankhula pang'ono, watimvetsa chisoni, kenako a Shaho amupha kuti nkhani ya Wong ipite patsogolo. Tifunsane, ndani wa ife akukumbukira dzina lake? Akazi ogwidwa aja nawonso ntchito yawo ndi kulira ndi kudikira. Ngakhale Aunt Yee, amene Rosamund Kwan wasewera, mayi wophunzira kunja, woyenda ndi kamera, pamapeto naye akungodikira womupulumutsa. M'filimu yonse yonena za kugulitsidwa kwa antchito, wantchito alibe mphamvu iliyonse.

Mbiri sinena choncho. Atchaina a ku Witwatersrand ankathawa m'makomboni, ankanyanyala, ankalimbana ndi akapitawo. Omanga njanji ya Central Pacific ananyanyala ntchito mu June 1867 kufuna malipiro ofanana ndi a azungu, ndipo kampani inawagonjetsa powadulira chakudya. Kwathu tili ndi Clements Kadalie wa ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Rhodesia asanakayambitse bungwe la ICU ku Cape Town mu 1919. Analibe mateche ouluka. Anali ndi misonkhano, makadi a umembala ndi anthu a padoko amene anagwirizana kuika katundu pansi tsiku limodzi. Mu August 1946 antchito akuda a m'migodi ya golide opitirira 60,000 ananyanyala. Anawamenya, ena anaphedwa, monganso anthu 34 anaphedwa ku Marikana pa 16 August 2012. Sitikunena kuti umodzi umabweza zipolopolo. Tikunena kuti chilichonse chimene wa m'migodi anapeza, kaya malipiro, kaya chipukuta misozi cha matenda a fumbi, anachipeza ali pagulu. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo pamene wantchito alibe mawu, ena amamuganizira. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 April 1974 nkupha Amalawi opitirira 70, a Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu, ndipo amuna opitirira 100,000 anabwerera kumudzi. Patapita zaka 3 khomo linatsegukanso pansi pa dzina la Theba, kenako linatsekeka mu 1988. Potsegula ndi potseka pomwe, amene ankatsika m'mgodi sanafunsidwe. Ngwazi ikakuganizira, lero ikupulumutsa, mawa ikubweza komweko.

Tisaichotsere zabwino zake

Tinene chilungamo, filimuyi si yodana ndi mlendo aliyense. Wong atagwira mkulu wa zigawenga nkupempha mboni, anthu a mumzinda onse akuthawitsa maso. Amene akuima ndi wansembe wachizungu, ndipo akufa chifukwa cha zimenezo. So, wophunzira wa Wong amene Jacky Cheung wasewera, anakulira ku America, amachita chibwibwi poyankhula Chitchaina koma Chingerezi chimangotuluka ngati madzi. Anzake amamuseka, koma si wachinyengo. Ife amene ana athu akuyankha mu Chingerezi cha ku Birmingham tikawafunsa m'Chichewa, So timamumvetsa. Tsui Hark anajambula izi Hong Kong ikudikira kubwezedwa ku China mu 1997, patangopita zaka 2 chichitikireni zoopsa za ku Tiananmen. Anthu a kumeneko ankaopa mbali zonse, mzungu amene akuchoka ndi m'bale amene akubwera. Ndi chifukwa chake filimuyi ikukayikira boma la kwawo mofanana ndi mmene ikukayikira alendo.

Chakumapeto Wong akufunsa funso limene ndi lolemera kuposa mateche onse. Akuti ngati kunjako kulidi phiri la golide, nanga sitima za alendozi zikudzatani pa doko lathu? Mwina phirilo taliponda. Ife amene tinaona uranium ya ku Kayelekera ikutuluka m'dziko kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo tikumva za Kangankunde ndi Kasiya, funsoli likutikhudza. Komabe tisalitenge ngati chitonzo kwa wochoka kwawo. Kuima pa phiri la golide si kukhala nalo. Munthu sadya funso, ndipo palibe wa ife anakwera basi ya ku Joni kapena ndege ya kuno chifukwa chodana ndi kwawo.

A Shaho a masiku ano

Tikanakonda kunena kuti zonsezi ndi zakale. Mu 2019 khoti la Birmingham Crown Court linagamula milandu ya gulu la anthu a ku Poland limene linkabweretsa anzawo a ku Poland kuno ku West Midlands powalonjeza ntchito yabwino. Apolisi anautcha mlanduwu Operation Fort, ndipo ozunzidwa akuganiziridwa kuti anafika 400. Ankawagoneka m'nyumba zauve, kuwatsegulira maakaunti a kubanki nkusunga makadi, iwo nkumagwira ntchito m'malo osankhira zinyalala, m'mafamu ndi m'mafakitale. Chimene chinaswa gululo si chibakera. Ena mwa ozunzidwawo anathawa, nkuyankhula ndi a bungwe la Hope for Justice, kenako nkukaima m'khoti ngati mboni. Munthu amene filimu inamupha pakati pa nkhani, kuno ndi amene anamanga zigawenga.

Kuyambira February 2022 mpaka 2025, pamene viza ya osamalira okalamba ndi odwala inali yotsegukira anthu ambiri, tinamva ndipo ena tinaona abale akulipira mapaundi masauzande kugula satifiketi ya sponsorship, kugulitsa munda kapena galimoto, nkufika kuno osapeza maola amene analonjezedwa. Wowagulitsa kawirikawiri ankakhala wa kumpingo, wa pa WhatsApp ya kumudzi, amene amati achimwene kapena asisi. Kwathu nkhani za amayi ozunzika ku Oman zayenda njira yomweyo. Lamulo la kuno, Employment Agencies Act ya 1973, limaletsa ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, ndipo Modern Slavery Act ya 2015 ilipo. Koma lamulo limafuna mboni, ndipo viza yomangiriridwa kwa bwana mmodzi imatseka pakamwa kuposa mpanda wa komboni. Wodandaula amaopa kuti kampani ikalandidwa chilolezo, woyamba kuvutika ndi iyeyo.

Ndiye filimuyi tiionere, ndipo tionetse ana athu. Ndi yokoma, ndipo imaphunzitsa mbiri ya China imene sukulu za kwathu sizinatiphunzitse mokwanira. Koma ikafika pamene wothawa ku America uja akuyankhula, tiiimitse kaye, tifunse ana kuti munthuyu akanakhala ndi anzake 50 omuima kumbuyo, nkhani ikanatha bwanji. Pakati pathu tichite zimene anthu a ku Foshan analephera pamene Wong ankasaka mboni. Wina akatiuza kuti anamulipiritsa, kapena amusungira pasipoti, kapena akumudula malipiro osamuuza chifukwa, tisamuuze kuti angopirira. Timuthandize kusunga mapepala a malipiro, malisiti ndi mauthenga a pafoni, timuperekeze ku Citizens Advice kapena ku yuniyoni, kaya UNISON, GMB kapena Unite, ndipo asapite yekha. Wofunsa za ntchito kuchokera kumudzi timuuze zoona, lendi, misonkho ndi kuzizira komwe, osati kumutumizira zithunzi za pa Bullring zokha.

Mwezi wamawa tidzakambirana za Clements Kadalie ndi ICU. Amene agogo, abambo kapena amalume awo anayendako pa Wenela kapena Theba, tikupempha muwaimbire foni akadali moyo, mufunse amene anawalemba, kumene anakwerera, mgodi umene anatsikira ndi zimene anabwera nazo. Mudzabwere ndi mayina awo, tidzawalembe m'kope la gulu.